Kachitsulo ka m'dzenje la njerwa

Amalume anandiimbira Lachitatu m'mamawa, tsiku limene sindipita kukaphunzitsa. Moni sanapereke.

"Inu a digiri, muli ku Chikanda komweko? Tatsetserekani kuno kudzenje. Pali chinthu."

Amalume amaumba njerwa. Mvula ikangosiya amabwereka kamalo kumunsi uku, chakufupi ndi mtsinje wa Likangala, n'kulemba anyamata awiri aganyu, wina woponda dothi, wina wothamanga ndi chikombole. Njerwa zawo zambiri zimathera m'mahositelo amene anthu akumanga usana ndi usiku kuzungulira Chirunga. Ine ndinamaliza History pa Chirunga pomwepo zaka zinayi zapitazo, ndipo mpaka lero sindinasamuke. Ndimaphunzitsa masiku atatu pa sabata pa kasukulu kena kapulayiveti, masiku enawo ndimatayipa ma dissertation a anthu. Kwathu, ukakhala ndi digiri ndiye kuti umadziwa chilichonse: mlingo wa mankhwala a mbuzi, tanthauzo la kalata ya kukhoti, chifukwa chimene foni ikutenthera. Ndiye chinthu chikatuluka m'nthaka, woyitanidwa ndine.

Ndinawapeza atakhala pa mulu wa njerwa zouma, anyamata aja ataima chapatali ngati pagwa ngozi. Anatulutsa m'thumba kapepala ka shuga n'kukamasula pang'onopang'ono. M'katimo munali mikanda isanu ndi inayi, ing'onoing'ono, yofiira, ndi kachitsulo kozungulira, kukula kwake ngati batani la jekete. Kanali kotuwa, kolemera kuposa mmene kamaonekera. Kumaso kwake kunali timadontho m'mphepete monse ndi kadontho kamodzi pakati. Kumbuyo kunali kamwendo kafupi, kotupa pang'ono kunsonga.

"Katuluka m'khasu," anatero. "Tatiuzani, n'chiyani?"

Funso lenileni silinali limenelo. Ankafuna kudziwa kuti ndi ndalama zingati. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 4, fizi ya temu yatha sanamalize, ndipo nkhuni zootchera uvuni zinali zisanagulidwe. Komanso nonse mukuzidziwa nkhani zimene zimayenda m'minibasi: rupiya ya Ajeremani, simbi yamakala yokhala ndi tambala pamwamba, zinthu zimene akuti pali mzungu winawake, amene palibe anamuonapo, akugula mamiliyoni. Anyamata aganyu aja anali atagawana kale ndalamazo m'mitima mwawo.

Ndinachita zimene aliyense wa ife akanachita. Ndinakaika pachikhatho, ndinakajambula, n'kufunsa Google Lens. Zithunzi zinabwera mbweee, tizitsulo tozungulira, tina tokhala ndi timadontho ngati kathuka, ndipo pansi pake mawu anali kubwerezabwereza: Roman disc brooch. Pena panali ndi mtengo womwe, m'mapaundi.

Apa ndiye ndinalakwitsa. Ndinayankhula mokweza ndisanaganize.

"Zikuoneka ngati ndi za Aroma."

"Aroma ake ati? A m'Baibulo omwewa?"

"Omwewo."

"Amene anapachika Ambuye aja?"

Anandilanda kachitsuloko mwaulemu, n'kukakulunganso, ulendo uno kawiri. Madzulo ake anandiuza kuti mnzawo wina, mmodzi mwa anyamata ogulitsa miyala yonyezimira mumsewu wopita ku Ku Chawe, walonjeza kukaonetsa kwa alendo. Ndinawapempha kuti adikire mpaka Lamlungu, ndipo kuti andibwereke kachitsuloko ndikakaone bwino. Anavomera monyinyirika, ngati akundibwereka njinga yatsopano.

Usiku umenewo ndinagula bando n'kuyamba kuwerenga za tizitsulo ta Aroma. Kunena zoona, ndinasangalala nazo moti ndinaiwala kuti ndikufufuza za fizi ya munthu. Aroma sankamanga zovala ndi mabatani. Chovala chawo chakunja chinali nsalu yopinda, ndiye paphewa ankaimanga ndi kachitsulo kotchedwa fibula. Kagwiridwe kake ka ntchito n'chimodzimodzi pini ya thewera, imene Walter Hunt analembetsa ku America mu 1849 ngati chinthu chatsopano, osadziwa kapena osasamala kuti anthu anali nayo kale zaka zikwi ziwiri m'mbuyo. Poti aliyense ankavala, msilikali, mayi, kapolo, ndipo poti pini imathothoka n'kugwa, ku England mafibula amatuluka m'minda mpaka lero. Kumeneko ali ndi ndondomeko yotchedwa Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997. Munthu akatola chinthu chakale amapita nacho kwa katswiri wa m'dera lake, amachiyeza, kuchijambula, kulemba malo amene chapezeka, n'kuchiika pa intaneti kuti aliyense aone. Ndinakhala m'menemo mpaka tambala woyamba.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mafibula ankasintha ngati mafashoni. Mtundu uliwonse unali ndi nthawi yake, ndiye katswiri akaona kamodzi amatha kunena zaka zimene kanavalidwa. Mitundu ina anaitcha mayina a malo amene inapezeka koyamba kapena yambiri, monga Colchester ndi Hod Hill. Wina amautcha Aucissa chifukwa pamutu pake pamakhala patadindidwa dzina limenelo, ndipo anthu amati linali la wosula. Mitundu imeneyi ndi ya zaka za m'ma 43, pamene Aroma analowa ku Britain. Ina yooneka ngati uta, yolemera, inadzabwera patapita zaka pafupifupi 300, ndipo ankavala ndi akuluakulu a boma ndi asilikali.

Koma paliponse pamene ndinawerenga ankanena chinthu chimodzi: usakhulupirire nkhope, tembenuza uone kumbuyo. Mafibula ambiri, ngakhale ozungulira ngati batani, kumbuyo kwawo kumakhala zinthu ziwiri. Mbali imodzi pamakhala pogwira singano, kaya ndi sipuling'i kaya ndi kahinjesi. Mbali inayo pamakhala kambedza kokolekapo nsonga ya singanoyo. Singano ikhoza kuthyoka n'kusowa, koma zipsera za malo awiriwo zimatsala. Ndiponso ambiri anali amkuwa wosakaniza, ndipo mkuwa ukakhalitsa m'dothi umabiriwira.

Ndinatembenuza kathu kaja pansi pa tochi ya foni. Kamwendo kamodzi, pakatikati. Palibe kambedza, palibe chipsera. Mtundu wake wotuwa ngati phulusa, ndipo nditakanda pang'ono ndi chikhadabo m'mphepete, panatsala kamzere. Chitsulo chofewa choncho, cholemera choncho, ndi mtovu. Google inangoona nkhope, monga amachitira anthu ambiri.

Sindinagonje msanga ayi. Ndinakumbukira kuti pali buku lakale lachigiriki la amalonda apanyanja, Periplus of the Erythraean Sea, lolembedwa nthawi ya Aroma yomweyo, limene limatchula doko la Rhapta kugombe la kum'mawa kwa Africa, cha ku Tanzania ya lero. Ndiye ndinayamba kumanga ulendo m'mutu: kuchoka ku Rhapta, kudutsa m'manja mwa anthu zana, mpaka ku Likangala. Munthu akafuna kuti chinthu chikhale choona amatha kuyenda mtunda wautali kwabasi osadzuka pabedi. Cha m'ma 3 koloko ndinadzifunsa chifukwa chimene ndikulimbikira chonchi. Fizi inalipo, eya. Koma panalinso china chimene sindinyadira nacho. Ndinkafuna kuti kakhale kochokera kutali, chifukwa mumtima mwanga chinthu chochokera kutali ndicho chinali ndi mbiri.

Chochititsa manyazi n'chakuti ine ndinakhozapo mayeso a zimenezi. Chaka chachitatu tinaphunzira kosi ya archaeology, ndipo ndinaloweza kuti kwathu kuno nthawi timaiwerenga ndi mapale. Njira yake ndi yomweija ya Colchester ndi Hod Hill, kungoti mayina ndi athu: Nkope, Kapeni, Mawudzu, Nkhudzi. Keith Robinson atakumba ku Nkope Bay, kugombe la nyanja ku Mangochi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anapeza miphika yamilomo yokhuthala ya anthu oyambirira kusula chitsulo m'dera limenelo, ndipo anthuwo analipo nthawi imene mafibula ooneka ngati uta ankavalidwa ku Roma. Mawudzu ndi miphika ya nthawi ya Amaravi. Yusuf Juwayeyi atakumba ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo analemba buku lonse la mbiri ya Achewa, limene linatuluka mu 2020. Zinthuzo zinatha kuyankhula chifukwa chilichonse chinalembedwa pamene chinagona, kuya kwake, ndi zimene chinagona nazo. Zonsezi ndinalemba pa pepala la mayeso ndipo ndinapeza B. Koma nditaima pa dzenje lenileni, sindinafunse n'komwe ngati panali mapale.

Kutacha ndinathamangira kumeneko.

"Mapale? Analipo ambiri," anatero mnyamata woponda dothi. "Amalasa kumapazi. Akuluakulu tinataya kumtsinje, ang'onoang'ono tinangopondera momwemo."

Anandilozera mzere wa njerwa za dzulo lake, zikuuma padzuwa. Pa njerwa ina panatulukira kansonga ka phale, kokhala ndi timizere tiwiri. Ndinafunsa pamene kachitsulo kanatuluka. Mmodzi analoza kuno, winayo uko, kenako anagwirizana kuti panali "cha apa", mozama kufika m'chiuno.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Liwonde n'kutsikira cha ku Domasi, kumene kumakhala anganga, mayi awo a amayi ndi amalume. Sindinapite kukafunsa za kachitsulo. Ndinapita kukasiya sopo ndi shuga monga ndimachitira mwezi ukatha, ndipo kachitsuloko kanali m'bokosi la machesi m'chikwama chifukwa ndinkaopa kukasiya kunyumba ya lendi. Titamwa tiyi, ndinayamba kuwafotokozera nkhaniyi ngati nthabwala, mmene mwana wawo akufunira kulemera ndi katundu wa Pilato. Anaseka. Kenako anati, "Tandionetsa."

Maso a anganga ndi ofooka masiku ano. Sanakayang'ane nthawi yaitali. Anakagudubuza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, anakhudza kamwendo kaja, ndipo kuseka kunatha.

"Mwanawe, ichi wachitenga kuti? Ichitu n'chipini."

"Chipini?"

Sanayankhe. Anangotembenuza nkhope n'kuloza mphuno yawo, mbali ya kumanzere.

Kabowo kameneko ndakhala ndikukaona moyo wanga wonse. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndi chipsera cha nthomba kapena kuti analasidwa ndi mtengo. Sindinafunsepo. Ndabereka digiri ya mbiri yakale, ndalemba masamba makumi anayi za malonda a minyanga ndi akapolo, koma kabowo ka pamphuno pa mayi amene anandisambitsa sindinakafunsepo.

Anandiuza kuti anawaboola ndi azakhali awo, ndi munga, ali kamtsikana. Poyamba ankaikamo kaudzu kuti pasatsekeke, kenako kaudzu kokulirapo, mpaka pamene chipini chinakwana. Kamwendo kotupa kunsonga kaja n'kamene kamalowa m'kati n'kugwira kuti chisagwe. Amayi awo anali nacho, agogo awo anali nacho chachikulu kuposa ichi. Mkazi wachiyawo wopanda chipini, iwo amati, nkhope yake inkaoneka ngati sanamalize kuvala. Chawo anavula atakwatiwa n'kuyamba kupemphera kumene kunkapemphera amuna awo. Panalibe amene anawalamula. Kungoti amayi ena ankayang'ana pamphuno m'malo moyang'ana m'maso, ndipo tsiku lina mwana wasukulu anawafunsa ngati ndi msomali. Anachiika m'kachitini, ndipo kachitiniko kanasowa posamuka.

Ndili pa Chirunga, anzanga atatu anaboola mphuno. Ankati nose ring, ankaonera pa Instagram, ndipo ine ndinkawasirira koma ndinkaopa amayi. Sizinandifikepo m'mutu kuti amayiwo anabadwa kwa mkazi wa chipini.

Nditabwerera ndinafufuza, ndipo n'zoona, zinalembedwa kalekale. Hugh Stannus, dokotala amene anagwira ntchito ku Zomba kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, analemba za moyo wa Ayawo mu The Wayao of Nyasaland, ya 1922, ndipo chipini chilimo. Ndiye kuti yankho linali malo awiri, m'buku ndi pankhope ya anganga, onse awiri pafupi ndi ine kuposa England.

Mikanda ija nayonso inali ndi zonena, nditaiyang'ana ngati munthu amene anapitako kusukulu. Kunja ndi yofiira, koma ukayang'ana pabowo, m'kati ndi yoyera. Mikanda yotere inkapangidwa ku Venice, ku Italy, pokuta galasi loyera ndi lofiira, n'kulikoka kukhala kachubu kataliitali, kenako n'kuduladula. Inayamba kupangidwa cha m'ma 1840, ndipo inadzaza m'mitolo ya amalonda ochokera kugombe, amene ankaitcha samisami. Pofukula zakale pali lamulo losavuta: zinthu zikakwiririka pamodzi, tsiku lokwiririkalo silingakhale lakale kuposa chinthu chatsopano kwambiri pagululo. Ngati mikandayo inagonadi limodzi ndi chipini, ndiye kuti zinalowa m'nthaka 1840 itadutsa. Zikugwirizana ndi nthawi imene Ayawo ankafika ndi kukhazikika kuzungulira phiri la Zomba, zaka za m'ma 1860, David Livingstone atangoona nyanja ya Chilwa mu 1859. Ndanena kuti "ngati", chifukwa umboni wanga wonse ndi mawu a anyamata awiri amene analoza malo osiyana. Choseketsa n'chakuti m'kapepala ka shuga kaja munalidi chinthu cha ku Italy. Sichinali chimene tinkachiyang'ana.

Koma ndadumpha. Ndisananyamuke ku Domasi, anganga anandifunsa funso limene linandiumitsa pakamwa.

"Wati chinali ndi mikanda? Ndi mapale? Pansi kufika m'chiuno?"

"Eya."

"Chipini sichigwa chokha pamodzi ndi mikanda, mwanawe. Mikanda imakhala m'chiuno mwa munthu. Kamuuze malume wakoyo kuti wakumba munthu."

Ndinayesa kuwauza kuti mafupa sanapezeke. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana. "Dothi lonyowa la kumtsinje limasunga mafupa?" Ndipo apanso sanalakwe. Dothi lina limadya mafupa mpaka osatsala kanthu, n'kusiya galasi, mtovu ndi mapale. Akhozanso kukhala malo a nyumba yakale, kapena dzala. Sindingalumbire. Koma kuyambira pamenepo sindinathenso kukaona ngati kachitsulo. Panali mkazi, anali ndi mphuno, wina anamuboola ndi munga ali mwana ndipo mwina analira.

Lamlungu ndinapita kwa amalume. Ndinayamba ndi kupepesa, chifukwa mawu akuti Aroma anatuluka m'kamwa mwanga, osati mwawo. Ndinawaonetsa zithunzi za kumbuyo kwa fibula, ndinawaonetsa kumbuyo kwa kathu. Anangoti duu. Kenako ndinawauza zimene mayi awo ananena.

"Ndiye mwapita kukandinenera kwa amayi?"

"Sindinakunenereni, amalume. Anangochizindikira."

"Inu munati Aroma. Lero mukuti chipini. Mawa mudzati chiyani? Sukulu yanuyi imasintha ngati mitengo ya mumsika?"

Ndinalibe choyankha chabwino. Ndinawauzanso kuti pali lamulo, Monuments and Relics Act ya 1990, limene limati zinthu zakale zikapezeka boma lidziwitsidwe, ndipo kuzigulitsa kwa alendo kuti apite nazo kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Mawu akuti boma anawadzidzimutsa kuposa mawu akuti manda. Iwo anaona anthu a mafayilo akubwera kudzamanga chingwe kuzungulira dzenje, mwini malo akuwathamangitsa, njerwa zosaotcha zikusungunuka ndi mvula yoyamba, mwana akubwezedwa pageti. N'kosavuta kulankhula za chuma cha dziko ukakhala kuti malipiro ako, ngakhale ochepa, satuluka m'dzenjemo.

Sitinagwirizane tsiku limenelo. Chimene chinasintha zinthu si ine. Lolemba anganga anatuma mwana ndi uthenga, ndipo sindikudziwa mawu ake onse, koma Lachiwiri ndinapeza amalume atasiya mbali ija ya dzenje, atayamba kukumba chakumtunda, kumene dothi lake ndi lamchenga pang'ono ndipo njerwa zake zimasweka zambiri. Mbali yakaleyo anaikwirira ndi manja awo, osatuma aganyu. Anyamatawo anali atamva kale, ndipo mmodzi anasiya ntchito.

Ndisanabweze chipinicho ndinachita zimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinachiika pa pepala loyera pambali pa rula, ndinachijambula kumaso, kumbuyo ndi m'mbali. Chimodzimodzi mikanda, umodziumodzi, bowo likuoneka. Ndinaima pamalopo n'kusunga malowo pa mapu a foni. Ndinagula njerwa ija ya kansonga ka phale, ndipo amalume analandira ndalamayo osaseka. Ndinalemba kalata yopita ku Department of Museums and Monuments, yofotokoza zonse, zithunzi zili momwemo. Ili mu drafts. Ndawauza amalume kuti ndidzaitumiza uvuni ukapsa ndipo njerwa zikachoka. Ndikudziwa kuti mphunzitsi wanga wa archaeology sangakondwe ndi kudikirako. Ndikudziwanso kuti sindinawauze anganga kuti kalatayo ikadzayankhidwa, mwina kudzabwera anthu odzakumbanso pamene mwana wawo wakwirira.

Za chipinicho, ine ndinkafuna chikasungidwe ku Chichiri Museum, m'galasi, ndi kapepala kolemba dzina lake. Anganga anati chibwerere kwa mwini wake. Amalume anati iwo sachikhudzanso. Pakadali pano chili m'bokosi la machesi lomwe lija, pamwamba pa kabati ya anganga, pafupi ndi Baibulo ndi khadi la kuchipatala, ndipo aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye adzagonje.

Uvuni anauyatsa Lachisanu lapitali. Nkhuni anagula ndi ngongole ya banki m'khonde ya akazi awo. Ndinapita usiku kukawaperekeza kukhala maso, ndi fulasiki ya tiyi. Sitinayankhule zambiri. Moto utagwira bwino, anandifunsa, maso ali kumotoko, ngati ndikukumbukira mbali imene amayi awo anaboola.

"Kumanzere," ndinatero.

"Ine ndimayesa kumanja," anatero amalume, n'kudzuka kukasonkhezera nkhuni.